Namwino Wathu Ali Kunja

Mayi telala anaphunzitsa mwana wawo wamkazi unamwino ndi ndalama za singano. Zaka zonsezo msana unali wopindika pa makina, pakhonde la sitolo ya nsalu, akusoka mayunifolomu a ana a eni. Tsiku limene mwanayo anamaliza maphunziro, anauza aliyense wodutsa kuti tsopano apuma.

Kupumako sikunabwere. Boma linaimitsa kulemba ntchito anamwino, ati ndalama zikuthera kubweza ngongole zakunja. Chaka chinatha, china n'kulowa, mtsikanayo akungosokerera mabatani pambali pa mayi ake, kamwana kake kakukwawa m'zidutswa za nsalu.

Masana ena anabwera kuchokera ku maofesi a zaumoyo nsapato zili mbuu.

"Amayi, ati tidikirebe. Ngongoleyi akuti adzamaliza kubweza ndi ana a uyu," anatero akuloza kamwanako ndi mlomo.

"Uyu? Wakongola chiyani, munthu mano sanakwane n'komwe?"

"Anadya ndi ena, m'mimba mukupota ife. Ine ndapeza ntchito kunja, yosamalira okalamba. Koma ana salola. Ndimusiya ndi inu."

Mayi telala anakalipa, ananyengerera, mpaka anaitana amalume ake a mtsikanayo kuti amuletse. Amalumewo atamva malipiro ake anangofunsa ngati kumeneko sakufunanso alonda. Mtsikana anapita.

Patapita miyezi, kamwana kanatentha thupi n'kuyamba kubanika. Mayi telala anasiya diresi la munthu lili pa singano n'kuthamangira kuchipatala. Mabenchi anali odzaza, ena atagona pansi. Namwino analipo mmodzi yekha, maso ali psuu.

"Mwanangu, tamuonani mmene akupumira mwanayu!"

"Mayi, ndili ndekha. Onsewa akudikira ine. Khalani pamzere."

"Wanganso ndi namwino," anatero iwo, osadziwa kuti akunenera chiyani. Namwinoyo anali atalowa kale m'chipinda.

Mayi telala anaimbira mwana wawo. Foni inaitana mpaka kuduka. Kenako kunabwera uthenga: "Ndikusambitsa gogo wina, pa ntchito salola foni. Kuli bwino?"

Anayang'ana kachifuwa ka mdzukulu wawo kakulowa m'kati. Anadzuka, n'kudumpha miyendo ya anthu, ena akuwatukwana, n'kuyamba kumenya chitseko ndi chikhatho mpaka chinatseguka.

Namwino anangoona kamodzi n'kuwalanda mwanayo.

"Ndi chibayo. Jakisoni wake anatha kalekale. Thamangani mukagule, musachedwe."

M'chikwama munalibe kanthu. Anathamangira kukhonde kuja, n'kugwada pamaso pa telala mnzawo amene ankapikisana naye makasitomala.

"Achimwene, tengani makinawa. Perekani zimene muli nazo."

Bamboyo anapereka theka la mtengo wake, maso ali kumbali.

Kamwana kanachira patatha sabata. Mayi telala anabwerera pakhonde paja ndi singano yapamanja, n'kumaphatika zigamba. Mwana wawo sanamuuze. Ndalama zimene mtsikanayo ankatumiza zinkathera lendi ndi chakudya, mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo chifuwa cha kamwanako chinkayambiranso kukangozizira.