Wothira Mchere

Chimanga chinali chitayamba kuthetheka m'phale pamene Malita anatulukira kuseri kwa nkhokwe, amalume ake a Langton akumutsatira ndi ndodo yawo.

Laurentina sanadzuke. Anangopitiriza kutakasa ndi mthiko, mpango wakuda uli kumutu. Mwamuna wake Stafford, mchimwene wake wa Malita, anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo, ndipo mawa lake inali Khirisimasi.

"Alamu, mukutani?" anafunsa Malita.

"Maso muli nawo."

Malita anayamba kulalata. Anati dothi la pamanda silinaume, koma munthu ali kale pa zachikondwerero. Anati kuno ku Kanduku namfedwa amakhala pamphasa, kaya kwawo ku Mozambiki amachita bwanji. Laurentina anathira mtedza m'phale ngati sakumva.

Chokazingachi chinali cha mayi wawo wa Stafford ndi Malita, omwe anamwalira kale. Stafford ndiye anachisunga, ndipo chaka chilichonse ankachikazinga yekha, anthu akumuseka kuti mwamuna wamkulu wagwira mthiko. Chimanga chimayamba chanyikidwa m'madzi, nkuumako pang'ono padzuwa. Chimalowa m'phale choyamba, kenaka mtedza, nthanga za maungu pomaliza poti sizichedwa kupserera. Mchere ndi tsabola amazisungunula m'madzi nkuwaza phale likadali pamoto. Ukawaza utaphula, mchere sugwira. Ukachedwa, zonse zimasanduka makala.

A Langton anakhala pachitsa, natsokomola, nanena chimene anadzera. Abale anali atakumana. Chaka chatsopano chikangolowa adzamusudzula Laurentina, munda ubwerere ku mbumba. Ana, mwa mwambo, amatsata kwa mayi wawo. Anawonjezera kuti kukampu ya othawa nkhondo sikoipa, ufa ndi nyemba amapereka ulere.

Mthiko unaima. Munda umenewo Laurentina anaupeza uli miyala yokhayokha, naitola ndi manja ake mwana ali kumsana. Chimanga chimene anadzala ndi Stafford mvula yoyamba chinali chitafika m'mawondo.

"Ana atsate kwathu kuti, amalume? Mudzi wathu anautentha ine ndikuona. Mukufuna akatsate phulusa?"

A Langton anayang'ana ndodo yawo. Malita ndiye anayankha, kuti nkhondoyo sanaiyambitse ndi iwo.

"Pamene Stafford ankasanza magazi munali kuti? Ndinamukankha ndekha panjinga mpaka kuchipatala ku boma. Inu munabwera atafa, ndipo choyamba munasuzumira m'nkhokwe."

"Musanditukwane pakhomo pa mchimwene wanga."

"Pakhomo panga."

Laurentina anakhuthulira nthanga m'phale. Nthawi ya mchere inali itakwana, ndipo onse atatu anaona chipande cha madzi ofiira chili pambali pa mafuwa. Namfedwa sathira mchere m'chakudya, amati amadula anthu, wodya amatupa. Laurentina ankaudziwa mwambowo. Anali atausunga chifikireni m'mudzimo, ngakhale masiku amene akazi a pakhomopo ankakana ndiwo zake ponena kuti sakudziwa zimene anakumana nazo m'njira pothawa.

Anakankhira chipande kwa Malita ndi phazi.

"Wazani. Apo ayi ndiwaza ndine, ana a mchimwene wanu adye, mudzandinene bwino kuti ndinawadula."

Malita anapinda manja. Laurentina naye anaika mthiko pansi, napinda ake. Nthanga zinayamba kuda m'mphepete mwa phale, kautsi kowawa kakukwera.

Fungo lakupsereralo ndi limene Malita analephera kulipirira. Anadumpha, natola mthiko, natakasa mwaukali, naviika zala m'chipande nkuwaza. Phale linalira, nthunzi ya tsabola inawatsamwitsa onse. Anawazanso, akutukwana chapansipansi kuti tsabola wachuluka, amayi sankathira wotere, ndipo mtedza waulowetsa msanga. Anaphula phale ndi nsonga ya chitenje nakhuthulira zonse m'lichero. Misozi inali kutsika, ndipo anati ndi tsabolayo.

A Langton anatapa pang'ono, nauzira, natafuna nthawi yaitali ndi mano awo otsala.

"Mwathira mchere pakhomo pano, Malita," anatero. "Ine sindingakauze abale kuti tapirikitsa munthu amene tikumuthirira mchere. Akolole chimanga chake. Zosudzula tidzakamba nkhokwe itadzaza."

"Ndikakolola ndidzadzalanso," anatero Laurentina.

Iye sanathokoze munthu. Anathyola tsamba la nthochi, naliwamba pamoto, natapira chokazinga chodzaza manja awiri nkumanga. Ana ake anali atayandikira, koma anawauza adikire. Anadutsa pakati pa alamu ake ndi amalume, nalowera kumunsi kwa munda, kumene kumadutsa kanjira kochokera kumapiri a kumalire.

A Langton anafunsa kumene akupita.

Malita anapukuta mphuno ndi chitenje. Anati Stafford ankatero chaka chilichonse, mtolo woyamba ankakausiya pamwala wa m'mbali mwa kanjirako, kuti othawa nkhondo otsika m'phiri ndi njala aupeze. Anati chaka china anapeza mkazi atakhala pamwalapo akudya, nabwera naye kunyumba.

Laurentina anaika mtolowo pamwala, naupsinja ndi kamwala kuti agalu asaukoke.