Mitanda ya M'chipinda Chosokera

"M'nyumba mwanga mudzaona kuwala, koma waya simudzamuona," ankatero a Ndinaonako kwa aliyense wodutsa pamsewu. "Woyendera za magetsi akadzalowa muno adzavula chipewa."

Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo, chifukwa panalibe nkhani imene inkatha iwo asananene kuti zimenezo anazionako kunja. Ndipo sikuti ankanama. Munthuyu anayamba ndi kutola mabotolo pamsika, n'kukhala wothandiza pa lole, kenako n'kuyamba kuyendetsa yekha, kudutsa malire a mayiko mpaka pasipoti kudzaza. Tsopano anali ndi malole akeake, mimba yaulemu, ndi nyumba yatsopano ya njerwa zootcha. Kumapeto kwa nyumbayo anamangako chipinda chachikulu choti akazi awo azisokeramo.

Pa chipinda chimenechi ndi pamene panagona nkhani. Mayiwo anali atapeza ntchito yosoka mayunifomu a sukulu ina yapafupi, ndipo anagula makina osokera amagetsi. Makinawo anali akadali m'katoni pakati pa chipindacho. A kampani ya magetsi anali atanena kuti salumikiza nyumbayo mpaka woyendera ataona mawaya, ndipo akapeza cholakwika, dzina lako limabwerera kumapeto kwa mzere. Sukulu ikanatsegulidwa mayunifomu asanasokedwe, ntchitoyo ikanapita kwa telala wina.

Wamagetsi amene anamulemba ntchito anali akumalizitsa nyumba ina, ndipo anapempha kuti amudikire. Koma kudikira sanali mawu a m'kamwa mwa a Ndinaonako. Anati amukonzeretu njira za mawaya kuti akabwera adzangolowetsa. Anatenga sowo ndi tchizulo, n'kukwera makwerero. Siling'i inali isanakhomedwe, choncho mitanda yonse inali poyera. Pakati penipeni pa chipinda, pamene ankafuna kuti babu lidzalendewere, anasema kangalande kunsi kwa mtanda uliwonse, kozama pafupifupi theka la thabwa, koti paipi ya mawaya idzagonemo siling'i n'kuphimba.

Akazi awo anaima pakhomo akuyang'ana utuchi ukugwera pa katoni. Anafunsa ngati matabwawo sangafooke.

"Mayi, inu zanu ndi singano," anayankha a Ndinaonako ali m'mwamba. "Ine ndagona m'mahotela a nsanjika zosawerengeka. Waya ndinamuonako? Ayi."

M'mawa mwake kunabwera alamu awo, mchimwene wa mayiwo, kalipentala wosabisa mawu. Anabwera kudzakhoma chitseko, koma atangolowa anakweza maso, n'kuika chikwama cha zida pansi pang'onopang'ono. Anafunsa ngati m'nyumbamo munalowa chiswe cha mano a chitsulo. A Ndinaonako anadziguguda pachifuwa kuti imeneyo ndi ntchito ya manja awo, ndipo pofuna kutseka alamuwo pakamwa anakwera n'kuponda pa mtanda wapakati.

Mtandawo unalira thee! Mng'alu unayambira pa kangalande paja n'kuthamanga motsata thabwa. A Ndinaonako anakumbatira phaso ngati mwana wokakamira mayi wake pachipatala, mwendo umodzi uli lendelende pamwamba pa katoni ya makina. Mayi anakoka katoniyo n'kuikankhira kukhoma. Kalipentala anagwirizira makwerero mpaka alamu ake anatsika, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, kumahotela kuja munkagona pabedi kapena m'denga?" anafunsa kalipentala akuseka.

A Ndinaonako anayang'ana mtanda wong'alukawo, n'kuyang'ana akazi awo. Anaona kuti pamene mtandawo ukanagwera ndi pomwe mayiwo adzakhale tsiku ndi tsiku, mutu uli pa makina.

Kalipentala sanapitirize kuseka. Anapempha achemwali ake kansalu kotsala, n'kuuza alamu ake kuti akakoke mbali zonse ziwiri. A Ndinaonako anakoka mpaka mitsempha kutuluka, koma kansaluko sikanang'ambike. Kenako mayi anatenga sizasi, n'kudula pang'ono chabe m'mphepete. Atakokanso, kanang'ambika kuchoka uku mpaka uko.

"Zimenezitu ife timazidziwa," anatero mayiwo. "Nsalu imafera m'mphepete."

Mtandanso ndi chimodzimodzi, anafotokoza kalipentala. Ukasenza katundu umapindikira pansi, ndipo mbali yam'munsi ndi imene imakokeka ngati nsalu ija, makamaka pakati pa chipinda, kutali ndi makoma. Kusema pamenepo ndi kuuza thabwa poyambira kung'aluka. Ndiponso waya wogona m'kangalande kotero amakhala pafupi ndi siling'i. Wokhoma saona kuseri, msomali umalowa m'waya, ndipo moto wa nyumba zambiri umayamba choncho.

A Ndinaonako anafunsa motsitsa mawu ngati ndiye kuti mawaya azingolendewera poyera ngati zingwe zoyanikira zovala. Kalipentala anati ayi, njira yobisira ilipo. Waya amadutsa pa bowo lozungulira, loboola ndi dirilo pakatikati pa thabwa poyeza kuchokera pamwamba mpaka pansi, osati kufupi ndi m'mphepete. Pamwamba ndi pansi pa bowolo pazitsala thabwa la masentimita asanu kapena kuposa, kuti msomali usafike. Bowo likhale laling'ono, longokwanira paipi, lisapose gawo limodzi mwa magawo anayi a thabwalo, ndipo mabowo asathithikane kapena kukhala pa mfundo. Thabwa likakhala lochepa moti miyeso imeneyi siikwana, silibooledwa n'komwe: paipi imayenda pamwamba pake kapena m'mbali mwake, yomangidwa ndi tizitsulo. Matabwa a denga onyamula malata, amenewo sakhudzidwa popanda mmisiri womanga kuvomera.

Nanga mitanda yosemedwa kale? Apa mpamene a Ndinaonako anagwira mutu. Kugwetsa yonse kukanatenga nthawi imene mayi analibe, ndipo matabwa ogulitsa pamsika anali aawisi, oti akauma amapindika. Kalipentala anakanda chibwano, n'kunena kuti kushedi kwake kuli matabwa ouma bwino asanu ndi limodzi amene ankasungira ntchito ina. Anati awabwereka, koma adzabweze ouma omwe, osati mitengo yomwe mbalame zikuifunafunabe.

Tsiku lomwelo anagwira ntchito awiriwo. Wong'aluka uja anauchotsa n'kuikapo watsopano. Ina yonse anaiphatika ndi thabwa lathunthu m'mbali, lochoka pakhoma kufika pakhoma, n'kumanga ndi mabawuti. A Ndinaonako ndiye ankanyamula ndi kupatsira, ndipo aka kanali koyamba akazi awo kuwaona akutha theka la tsiku osatchula dziko lililonse.

Wamagetsi atabwera anamva nkhani yonse kwa mayi, n'kupukusa mutu akumwetulira. Anayeza ndi tepi, n'kulemba ndi pensulo pakati pa thabwa lililonse, n'kuvala magalasi oteteza maso asanayambe kuboola. Pa khoma lamatabwa logawa chipindacho, pamene waya wa soketi anadutsa pafupi ndi m'mphepete, anakhomapo kachitsulo kaphanthiphanthi kuti msomali wa shelefu udzagunde pamenepo. Anawachenjezanso kuti magetsi akadzalowa, aliyense wofuna kuboola khoma kapena siling'i ayambe wazimitsa pa swichi yaikulu ndi kudziwa kumene waya wadutsa. Siling'i anati isakhomedwe yonse mpaka woyendera aone.

Woyenderayo anafika atavala chipewa cholimba cha kuntchito. Anakwera makwerero, koma pakati pa mitanda panali pothina, choncho anachivula kuti mutu ulowe. A Ndinaonako anatsina alamu awo.

"Mwaona? Wavula."

Woyenderayo anaunika ndi tochi bowo lililonse, anagwedeza mitanda yophatikayo, anafunsa amene anamanga mabawuti, n'kutsika n'kuvomereza. Magetsi analumikizidwa, siling'i inakhomedwa yosalala ngati pepala, ndipo makina anatuluka m'katoni. Kulira kwake kunkamveka mpaka pamsewu. Ana a sukulu ija anayamba teremu atavala mayunifomu osokedwa m'chipinda chimenecho.

Lole itabwera ku ulendo wotsatira, a Ndinaonako anaiimitsa pashedi ya alamu awo, hutala ili pii, mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka. Anatsitsa okha matabwa ouma, olira ngati ng'oma ukawagogoda. Kalipentala anawerenga, n'kunena kuti achuluka: iye anabwereketsa asanu ndi limodzi, koma apa pali asanu ndi atatu.

"Asanu ndi limodziwo ndi ngongole, awiriwo ndi fizi," anatero a Ndinaonako. Kenako anatembenukira kwa anthu aja. "Inu amene mukumanga, mverani munthu amene anazionako. Mtanda sausema kunsi. Boolani pakati, bowo laling'ono, kutali ndi msomali. Ndipo pamene simukudziwa, tsikani pa makwerero muitane mmisiri."