Kachotupa ka Tisiyenji

Tisiyenji ankapinda zovala za malemu mkulu wake Monica, koma dzanja lake linkangothawira kubere la kumanzere. Kachotupako kanali pomwepo, kolimba ngati nzama youma. Anakapeza akusamba, m'mawa mwake ataika maliro, ndipo kwa masiku atatu sanauze munthu.

Monica anamwalira ndi khansa ya m'mawere. Chotupa chake anakhala nacho zaka ziwiri akumati chiphwa chokha. Pofika kuchipatala, madokotala anati wachedwa. Anamuchotsa bere, komabe anabwera kudzafera kwawo ku Nsaru.

Azakhali awo, a Catherine, amene ankagawa zovalazo, anaona dzanjalo. Atafunsa kawiri, Tisiyenji anaulula. Azakhaliwo anakankha chitseko, natsitsa mawu.

"Mpeni ndi umene unamutha mkulu wako. Iwe usapiteko kuchipatala. Kodi tilire maliro awiri chaka chimodzi?"

Tisiyenji anakumbukira ana ake atatu ku Mpingu kumene anakwatiwa, ndi amuna ake a Misheck amene ankamudikira kuti akasankhe fodya. Kupita kunkamuopsa, kukhala kunkamuopsanso.

Pakhonde panali Josephine, mnzake wa Monica wa m'kwaya, amene anabwera kudzathandiza kubweza mapoto obwereka. Anamva zonse. Anaodira, nalowa, napempha azakhali kuti amukhululukire kulowerera za pabanja. Kenako anamasula bulauzi. Pambali pa bere panali chipsera chachifupi ngati chala.

Anafotokoza kuti Monica atatuluka m'chipatala, ankaitana amayi kuseri kwa tchalitchi Misa ikatha. Ankavula osachita manyazi, kuwaonetsa pamene panali bere, n'kuwaphunzitsa kudzifufuza okha mwezi uliwonse. Ena ankamunena kuti matenda amusokoneza mutu, iye osaleka. Josephine anapeza kachotupa kake kakadali kakang'ono, madokotala anakachotsa, ndipo chaka chino walima mtedza yekha.

"Si chotupa chilichonse chimene chili khansa," anatero Josephine. "Koma odziwa ndi a chipatala, osati ife. Mawa ndikuperekezani."

Azakhali anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Anafunsa ngati amayesanso anthu a msinkhu wawo, ndipo atauzidwa kuti inde, anangoti aona.

"Nanga akakanena kuti ndachedwa?" Tisiyenji anafunsa.

"Mwakapeza dzana lomweli, asisi. Monica anadikira zaka ziwiri."

Josephine anapempha kuti akhudze pamalopo. Tisiyenji anavomera ndi mutu, natseka maso. Koma dzanja silinafike. Atatsegula maso, anaona Josephine akuuzira mpweya zala zake zitatu, n'kuzitikita pachitenje.

"Monica ankayamba wazifunditsa," anatero. "Ankati munthu wamantha sumugwira ndi dzanja lozizira."