Dzenje la Teleza

Crispin anabwerera kwawo Lachinayi m'mawa, atagona chagada m'bokosi lopaka vanishi kumbuyo kwa kalole. Zinali zitatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chipitireni ku Lilongwe. Mlongo wake Teleza, yemwe anamuphunzitsa sukulu ndi thukuta lotchola tiyi, anaima pakhonde n'kumayang'ana bokosilo maso ali gwa. Amayi anzake anabuma maliro monga mwa nthawi zonse. Iye anayesa kufinya misozi, koma chimene chinkamubwerera chinali mkwiyo wokhawokha.

Zaka zoyambirira Crispin ankabwera ndithu, mwina katatu konse, ndipo nthawi zonsezo ankafika pakamwa patadzaza Lilongwe. Ankati kumeneko madzi amakupeza okha m'nyumba, msewu ndi waphula mpaka pakhomo, ukadwala chipatala chachikulu chili pompo, ndipo mwana wa munthu wamba amatha kuphunzira mpaka kukhala bwana. Akatero ankayang'ana zala za Teleza zodetsedwa ndi utomoni wa tiyi n'kunena kuti kuno munthu amakalamba basiketi ili kumsana.

Chopweteka n'chakuti sankanama. Teleza anapitako kamodzi n'kudzionera yekha, mpaka anasamba madzi ogwa kuchokera kudenga ngati mvula. Koma anaonanso mipanda ya njerwa yotchera mabotolo osweka pamwamba, fumbi lolowa m'mano, nkhwani wogula ngati mankhwala, ndi munthu woyandikana naye nyumba yemwe ankadutsa osapereka moni. Tsiku lachinayi anamanga kachikwama kake n'kubwerera ku Masambanjati, ndipo sanapondekonso.

Kenako Crispin anangoti zii. Anamwalira malume awo, iye osaoneka. Anamwalira a Philip, amuna ake a Teleza, kunangobwera uthenga wa pafoni wa mawu anayi. Zaka ziwiri zapitazo anamwalira mayi awo owabereka, ndipo mwana wamwamuna mmodzi yekhayo anatumiza nkhata ya maluwa apulasitiki pa minibasi, kondakitala n'kuisiya pa siteji ngati thumba la kabichi. Teleza sanaiike pamanda nkhatayo. Anaiponya m'chimbudzi.

Bokosi litangolowa m'nyumba, mayi wina anam'tsina khutu Teleza kuti kumanda zinthu sizili bwino. Adzukulu anali atafika mbandakucha ndi makasu awo, koma palibe anali atatema nthaka.

Teleza sanadabwe. Kuno dzenje la munthu limakumbidwa ndi anthu amene iye anawakumbira kapena kuwaphikira pa maliro awo. Wothawa maliro a anzake amamukhaulitsa pa tsiku lake. Koma mankhwala ake ankadziwika: abale amapita kumandako, kugwada, kulandira mawu onse owawa mutu uli pansi, kupepesa ndi nkhuku, basi amuna n'kudzuka. Teleza anamanga chitenje, wokonzeka kukagwadira mlandu wa munthu amene iye mwini sanamukhululukire.

Jean, mkazi wa malemuyo, wobadwira ndi kukulira m'tauni, anati apita nawo. Teleza anamuyang'ana kuyambira nsapato zakuda zosongoka mpaka kachikwama ka m'khwapa, n'kungotsogola.

Manda a mudziwo ndi kankhalango kakang'ono kotsekeredwa ndi tiyi wa esiteti mbali zonse. Unali mwezi wa Januwale, tiyi ataphukira mothamangitsa anthu, ndipo kutsidya gulu la otchola linkayenda m'mizere manja ali yakaliyakali. Mwamuna aliyense amene anakhala pansi pa mitengo ya kumandako anali atataya tsiku lonse la pasikelo yoyezera tiyi. Analipo khumi ndi awiri, makasu atawagoneka pamiyendo, ndipo pakati pawo panali mkulu wa adzukulu, a Dixon, amene kale ankasaka mbewa ndi Crispin.

Teleza anagwada pamatope ofiira. A Dixon anayamba kuwerenga maliro amodziamodzi, modekha ngati akuitana mayina a antchito m'mawa. Anatchula mayi ake a Crispin. Anatchula mwana wawo iwo eni, amene anamuika mvula ikugwa, mnzawo wa ubwana osatumiza ngakhale moni. Teleza ankangoti, “Talakwa, bambo,” ndipo ankaona kuti moto ukuzirala. Mwamuna wina anali atayamba kale kulavulira m'manja.

Apo m'pamene Jean anatsegula kachikwama kaja.

“Bambo, nthawi ikutha. Tangonenani, mumakumba zingati? Kwathu timangolipira, ntchito n'kutheka.”

Wolavulira m'manja uja anapukutira malovu ake pa buluku. A Dixon anadzuka pang'onopang'ono n'kukoleka khasu paphewa.

“Mwamva, anzanga? Atiyesa aganyu.” Kenako anatembenukira kwa Jean. “Mayi, aganyu tili ku esiteti uko. Kuno timaika abale. Nyamulani munthu wanu mubwerere naye ku Lilongwe kumene manda amagula ngati matemba.”

Amuna onse anaimirira. Teleza anadziwa kuti nkhuku yaphonya ntchito, ngakhale mbuzi. Dalaivala wa kalole anali atanena kale kuti dzuwa likafika pamutu iye akubwerera, ndipo thupi linali litagona masiku awiri m'nyengo ya chinyezi ngati imeneyi. Likanapanda kulowa m'nthaka tsiku lomwelo, sakanatha kulisunga m'nyumba.

Teleza anamugwira Jean padzanja n'kumukokera m'mizere ya tiyi, ndipo kumeneko anamukhuthulira zonse za zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anamuuza kuti tauni yawoyo inameza mlongo wake wamoyo n'kumulavula ali mtembo, kuti anthu a ku Lilongwe amakumbuka kwawo akafuna malo ogona aulere, kuti iyeyo Jean ndi kachikwama kake wapha maliro amene anali atatsala pang'ono kutheka. Sanasankhe mawu, ndipo sanafune kusankha.

Jean sanalire. Anadikira kuti amalize, kenako anayankha ndi mawu otopa. Anati Crispin impso zake zinasiya kugwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kawiri pa sabata ankamulumikiza ku makina otsuka magazi pachipatala chachikulu, ndipo kudumpha sabata imodzi kunali kufa. Tsiku limene ankaika mayi ake, iye anali pamakinawo akulira ngati mwana. Galimoto anagulitsa, nyumba yamadzi m'kati ija anasamukamo, n'kukakhala m'kachipinda ka lendi ku Mtandire. Koma analetseratu kuti kumudzi asadziwe, poti munthu amene ankanyoza anthu a basiketi sakanalola kuti omwewo amumvere chisoni.

“Alamu, Lilongwe mukuitukwanayo ndi imene inamusunga zaka zonsezi. Kuno akanafa mwezi woyamba. Koma atamwalira, pasiwa tinalipo anthu asanu ndi awiri, oyandikana nafe wailesi ili pamwamba. Ine njira ya kuno sindiidziwa. Ndimadziwa yolipira. Chimene anandipempha n'chimodzi, kuti agone pafupi ndi mayi ake.”

Munthu wina akanasungunuka mtima pamenepo. Teleza mkwiyo unachita kuwirikiza. Ndiye kuti mwana amene anamubereka kumsana anadwala zaka zisanu ndi chimodzi n'kumumana ngakhale mpata womuphikira phala. Anamusiya azimuda, aziponya maluwa ake m'chimbudzi, kuti iye asunge ulemu wake wa m'tauni.

“Zisanu ndi chimodzizo ndamva,” anatero. “Nanga khumi ndi zitatu zinazo, analinso pamakina?”

Jean anayang'ana pansi.

Amuna aja anali atayamba kutuluka m'kankhalangoko, a Dixon ali patsogolo. Teleza anathamanga n'kuwatsekera njira. Ulendo uno sanagwade.

Anawafunsa a Dixon ngati alipo maliro amodzi m'mudzi muno amene iye sanafikepo. A Dixon anati palibe. Anawafunsa amene anatunga madzi ndi kuwaphikira tsiku limene ankakumbira mwana wawo, mvula ija. A Dixon anati anali iyeyo. Anafunsanso ngati tsiku lake likadzafika padzakhale mwamuna wogoneka khasu pamiyendo. Amuna angapo anayankhira limodzi kuti zimenezo sizingachitike, dzenje la mayi a Lestina, monga mudzi unkamutchulira Teleza, adzalikumba ngakhale pathanthwe.

“Ndiye likumbeni lero,” anatero Teleza. “Dzenje langalo. Muikemo Crispin. Ine ndikadzafa, mudzagoneke makasu.”

A Dixon anacheukira kumanda kuja. Pafupi ndi mtumbira wa mayi a Teleza ndi Crispin panali kampata kamodzi kokha kotsala, pakati pa mtumbira ndi muzu wa mkuyu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti Teleza ankakalimira chaka ndi chaka pokonza manda, akunena moseka kuti m'pogona pake.

“Mayi a Lestina, mawu onenera kumanda sabwezedwa. Mwanena pamaso pa anthu.”

“Ndikudziwa pamene ndaima.”

“Munthu ameneyu sanakuchitireni chabwino.”

“Ndakuuzani kuti anandichitira chabwino? Kumbani.”

A Dixon anatsitsa khasu paphewa, n'kupita pakampata kaja. Anathyola kamtengo, anayeza mulitali ndi mulifupi, ndipo anatema nthaka koyamba iwo eni. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, opanda nthabwala zimene adzukulu amakonda pokumba. Dothi lofiira linayamba kuunjikana m'mbali mwa mtumbira wa mayi aja.

Pobwerera, Jean anavula nsapato zake zosongoka n'kumayenda chapansi m'matope pambuyo pa Teleza. Atafika pakati pa mizere ya tiyi anayamba kunena mawu othokoza, koma Teleza anamudula osacheuka.

“Musandithokoze, alamu. Sindinamukhululukire. Mukafika kunyumba kachikwamako mukabise, mutenge ndowa. Anthu akumbawo afuna madzi.”

Crispin anamuika dzuwa litapendeka pang'ono. Pamene bokosi linkatsika ndi zingwe, Teleza anasuzumira m'dzenjemo. Linali lokumbidwa bwino, makoma ake owongoka, lakuya kuposa mmene amakumbira masiku onse, monga amakumbira munthu amene mudzi umamulemekeza. A Dixon sanachite chinyengo, anakumbadi dzenje la iye mwini Teleza. Apo m'pamene misozi inabwera, ndipo amayi amene anamugwira m'mapewa ankayesa kuti akulira mlongo wake.