Mtsuko wa Tekle

Galimoto isanatuluke n'komwe mumzinda wa Tbilisi, mayi Tsiala anali ataona kale diresi loyera likusuzumira m'chikwama cha mwana wawo Tekle.

"Kokaona mphesa n'kutengera zoyera?" anafunsa.

"N'lojambulitsira chabe, amayi."

"Ehee. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Amuna awo, a Otar, anangoti maso pawindo. Pachiwongolero panali Shalva, chibwenzi cha Tekle, wokonza matayala amene mayi Tsiala anamukana kawiri konse. Ulendo wa Lowerukawu wopita kutauni ya Sighnaghi anautulukira ndi iyeyu. Nanga ndani sadziwa kuti ofesi ya maukwati ya kumeneko sichedwetsa munthu, mumangolowa ndi ziphaso n'kutuluka muli banja? Mtima wa mayi Tsiala unali m'mwamba. Mwana ndi mmodzi yemweyu, ndiye akwatiwe mozemba ngati woba nkhuku?

Atafika anawamatirira awiriwo ngati nkhupakupa. Pamwamba pa linga lakale, pomwe anthu amajambulira minda ya mphesa itafiira chigwa chonse, iwo pakati. Tekle kuchimbudzi, iwo pakhomo. Podutsa pa ofesi ija anamufinya mwanayo dzanja.

"Amayi, mundithyola!"

"Ndinakubereka ndine, kukuthyolanso ndine."

"Tsiala, asiye ana apume," anatero a Otar.

"Inu khalani chete. Munayamba liti kumeta ndevu Loweruka?"

Masana anatsikira kumudzi kwa mkulu wa a Otar, mayi Tsiala akudzitama chamumtima kuti akuba awatsekera njira. Koma pabwalo anapeza matebulo atatu, nkhumba yowotcha, ndi abale mpaka a ku Telavi, onse atatchena.

"N'kusangalalira zokolola chabe uku, mlamu," anatero mwini nyumba, maso ali kumbali.

Mayi Tsiala anangotembenuka. Analunjika m'nyumba yosungira vinyo. M'menemo munali mtsuko umene anaukwirira pansi chaka chomwe Tekle anabadwa, n'kuumata pakamwa ndi dongo. Mtsuko wotere umatsegulidwa paphwando la ukwati wa mwini wake basi. Dongo lija linali litagumulidwa, fungo la vinyo lili guu.

Atacheuka, Tekle anali pakhomo, diresi loyera lili m'thupi.

"Ukwatiwo unachitika liti?"

"Loweruka lapitali. Mukanakana, amayi."

"Abambo ako analiko?"

"Analiko."

Zinawapweteka kwambiri. Tsiku lonse kulonda khola, chonsecho ng'ombe inapita kalekale!

A Otar analowa mwakachetechete, Shalva ali pambuyo. Anatunga vinyo mumtsukomo, n'kudzaza nyanga yomwera, n'kuwapatsa akazi awo. Mayi Tsiala anangozindikira ili kale m'manja. Nyanga ilibe pokhalira. Ukailandira suyiika pansi: umwe yonse udalitse, kapena ukhuthule anthu akuona.

Mayi Tsiala anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tsikulo tsitsi anakumanga ndani?"

"Ndinamanga ndekha, amayi. M'galimoto."

Misozi inangoti mbwee. Mayi Tsiala anakweza nyanga, anamwa osapumira mpaka kuigadabuza, n'kumuponyera Shalva.

"Inu akamwini, tulukani. Nanunso a Otar, nkhani yathu tikakamba kunyumba."

Anamukhazika Tekle pakampando pafupi ndi mtsuko, n'kuyamba kumumasula tsitsi.

"Amayi, alendo akudikira."

"Adikire. Weramitsa mutu."