Dzimbiri M'chitsime cha Zebedee

Bessie anafika pachitsime n'kupeza chingwe chotungira kulibe. Amayi amene anali pamenepo anadula macheza. Iye anapereka moni wa Chitumbuka umene anauphunzira movutikira, koma amene anayankha anali Eliness yekha, mkazi wa Zebedee, mwini chitsime.

Bessie anali namwino wochokera ku Ntcheu, ndipo boma linali litamutumiza ku kachipatala ka kufupi ndi Uraha chaka chomwecho. Atangofika anapeza ana ambiri akutsegula m'mimba. Anapempha Zebedee, amene anakumba chitsimecho kalekale m'dambo la m'mphepete mwa mtsinje, kuti amulole azithiramo mankhwala oyeretsa madzi. Ana anachira, anthu anamukonda. Koma dzuwa la Okutobala litakula, madzi anasintha. Powatunga ankaoneka oyera, koma akagona mumtsuko ankafiira ngati dzimbiri, ndipo ankasiya kamchere kukhosi. Sopo sankachita thovu, nyemba zinkakana kupsa, tiyi ankangoda bii.

"Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Dora, mkazi wa tcheyamani wa chipani m'mudzimo. "Koma kanu, anesi, katicheka tonse. Madzi awa tamwa zaka ndi zaka."

Bessie anayesa kufotokoza kuti mankhwala ake alibe mchere, koma amayi anayamba kulankhulana m'Chitumbuka chothamanga, iye n'kutsala panja. Eliness anamuperekeza, ndipo m'njira anamuuza motsitsa mawu kuti amayi agwirizana kusiya chitsimecho. Azikatunga m'maiwe amene atsala mumtsinje.

Pasanapite nthawi, benchi ya kuchipatala inadzazanso ana ofooka. Mmodzi mwa iwo anali Emma, mwana wa Eliness. Bessie atamuona maso atalowa m'kati, anatseka kachipatala masana n'kupita kukaona kumene amayi ankatunga.

Mtsinje unali utatsala kamzere. Maiwe anali obiriwira, ozunguliridwa ndi mapazi a ng'ombe. Koma chimene chinamuimitsa chinali m'munsi mwa gombe la mbali ya dambo. Pamenepo madzi ankatuluka okha m'nthaka pang'onopang'ono, n'kumasiya utoto wofiira pamchenga asanalowe mumtsinje. Anagwada, anaviika chala n'kulawa. Kanali kamchere komwe kaja ka m'chitsime, pamalo pamene iye sanathirepo kanthu.

Zebedee anali chapafupi akumwetsa ng'ombe zake. Bessie anamuitana n'kumuonetsa. Bamboyo sanadabwe. Anati chitsime chake chimamwa kumtsinje: mtsinje ukadzaza umakankhira madzi ake mumchenga mpaka kufika m'dambo, ndipo chitsime chimakoma. Ukaphwa kwambiri zinthu zimatembenuka. Madzi amene agona m'matope akale a pansi pa dambo ndi amene amayenda kubwera kumtsinje, n'kudutsira m'chitsime ndi mchere wawo. Anati anazionapo kamodzi, chaka cha chilala.

"Koma chaka chino mvula inagwa bwino, dada," anatero Bessie.

Zebedee anangoyang'ana kumtunda, kumene mtsinje anali atautchinga kuti madzi azipita m'minda yatsopano ya mpunga. Tsiku lotsegulira mindayo mudzi wonse unakavina, mwamuna wa Dora ali patsogolo ndi mbendera.

"Ndiye mukudziwa," anatero Bessie. "Mutangowauza, anthu andisiya."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mama. Inu akakwiya nanu angokusamutsani. Ine ndikati chitukuko chaononga madzi, ana anga adzandifuna osandipeza."

Bessie anabwerera mtima ukuwawa. Ankadziwa kuti bamboyo sakunama. Mphunzitsi wina wa m'dera lomwelo anali atatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo mkazi wake ankangoti anapita kumudzi. Komabe zinkamupweteka kuti munthu amene ankam'chiritsira mwana angakhale chete iye akunyozedwa. Anaganiza zolankhula yekha. Koma akanafunsidwa kuti iye, mlendo wa dzulodzulo, wazimva kwa yani, ndipo anthu anali atamuona kumtsinje ndi Zebedee.

Tsiku la sikelo ya ana amayi anadzaza pansi pa mtengo wa mango, Dora ali kutsogolo. Bessie anaimirira, Eliness akumumasulira. Sanatchule minda ya mpunga, sanatchule Zebedee. Anati wamva dandaulo lawo ndipo sadzathiranso mankhwala m'chitsime. Kenako anapempha chinthu chimodzi: amayi asiye maiwe, azikafukula mchenga pakati pa mtsinje kumtunda kwa pomwera ng'ombe, kutali ndi gombe lofiira lija, ndipo madziwo aziwawiritsa asanapatse ana.

"Wavomera," Dora anauza anzake mokhutira. Ndipo chifukwa anali atavomera, anamumvera. Mawa lake amayi anapita ndi mbale zofukulira, Bessie nawo ali m'gulu, ndipo madzi amene anadzaza m'maenje a mchenga anali ozizira, opanda mchere. Emma anayambanso kudya. Benchi ya kuchipatala inapepuka.

Mvula itagwa mu Disembala mtsinje unadzaza mpaka kulowa m'dambo, ndipo patapita masiku chitsime chinakomanso. Dora anatunga, anamwa, n'kutembenukira kwa Bessie mwaubwenzi ndithu.

"Mwaona, anesi? Kungosiya mankhwala anu aja basi."

Bessie anamwetulira pang'ono. Eliness, pomusenzetsa ndowa, anamugwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira, maso ali pansi. Madzulo ake Zebedee anabweretsa mkaka m'chipanda, anausiya pakhomo n'kubwerera osakhala pansi.

Mkulu wa kuchipatala cha ku boma atabwera kudzayendera, anamufunsa ngati akufuna kusamutsidwira kufupi ndi kwawo, popeza anamva kuti anthu sanam'landire bwino. Bessie anakana. Ankadziwa kuti Okutobala abweranso, madzi adzafiiranso, ndipo nthawi imeneyo padzasowa mankhwala owanamizira. Amayi adzayang'anizana, wina adzafunsa mokweza funso losafunsidwa lija la minda ya mpunga, kapena adzangobwerera kumaiwe ndi ana awo. Chimene chingachitike pa ziwirizo, iye anafuna kuti chidzam'peze alipo.