Dambo Likada pa Chithunzi

"Musayizime kaye," anatero achimwene, dzanja lili paphewa la mayi wa ku ofesi uja.

Mayiyo anabwera kudzatenga kompyuta ya kuntchito imene malemu amayi awo ankagwiritsa ntchito. Mzime anali chogwada pansi, akupinda nthambo za magetsi, maso akadali otupa ndi maliro.

"Tiwonetseniko malo athu a kudambo aja," anapitiriza achimwene.

Mayiyo anakokera mpando pafupi. Pagalasi panabwera chithunzi chotuwa ngati phulusa.

"Satelayiti imaponya mafunde pansi n'kumvetsera akamabwerera," anafotokoza. "Mitambo siyitchinga. Pouma amabwerera, ndiye pamawala. Pamadzi odekha amatsetsereka n'kupita, ndiye pamada. Ichi n'cha chilimwe."

"Ndi chimenecho. Mundisindikizire."

"Cha dzinja musachiwone?" anafunsa mzime.

Mayi uja anadina batani. Malo onse anada bii, kutsala kamzere ka msewu kokha.

"Wogula malowa sanafunse za dzinja," anatero achimwene. "Akuti athira dothi, amange nyumba zosungiramo katundu. Iwe ukufuna tizidya achule?"

"Amayi anakana."

"Amayi ankalandira malipiro. Ine ndili ndi ana kusukulu, ndipo denga la nyumba ino likudontha. Kukana n'kosavuta ukakhuta."

Mzime anapitiriza kupinda nthambo. Sikuti achimwene ankanama. Mzimeyo nayenso anakula akupikisana ndi galasi limeneli, amayi atalitsamira ngati mlonda, chakudya chikuzizira patebulo.

Foni ya malemu inalira m'kabati. Palibe amene anali atalimba mtima kuyizima. Achimwene anayiyankha mokwiya, nayiika poti onse amve.

"Adona a madzi!" Anali mawu a bambo wachikulire, kumbuyo kukumveka ng'ombe. "Mwandiiwala? Chinthu chanu chija sichinadutse kumwambaku? Ndaima kale pachikhomo munakhoma kudambo chija, madzi afika m'akakolo."

Mayi wa ku ofesi ananong'ona kuti bamboyo amakhala kumunsi kwa dambo. Satelayiti ikadutsa, malemu ankamuimbira kuti atsimikize ngati pakudapo ndi madzidi.

"Bambo, ndine mwana wawo," anatero achimwene. "Amayi anatisiya. Tinawaika dzana."



"Ha! Pepani, ana anga." Bamboyo anatsokomola. "Nanga atiuze ndani tsopano tsiku lokweza mbuzi kumtunda? Ankati dambo lanulo ndi limene limatimwera madzi. Likakwiriridwa, onse adzagona m'nyumba mwathu."

Achimwene anakhala pansi pa bokosi la mabuku. Anayang'ana chithunzi chakuda chija nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu kwa mayi wa ku ofesi. Mayiyo anachotsa dzanja pa makina osindikizira.

"Ntchito ipitirira, bambo," anatero mayiyo, atawerama pafoni. "Ndizikuimbirani ine. Mwati m'akakolo?"

"M'akakolo, inde. Koma iwo sankayamba ndi madzi ayi. Ankayamba afunsa mwendo wa mkazi wanga."

Achimwene anapukuta nkhope ndi chikhato. Anayandikitsa foni pakamwa.

"Nanga mwendowo uli bwanji, bambo?"